Bambo anu anali a gule, inu ndinu a mpingo: mupite ku chiliza?

Kalata ya mayi wina yandigoneka mochedwa sabata ino. Bambo awo anamwalira chaka chatha ku Dedza, anali munthu wa kudambwe, ndipo abale akonza zomanga chiliza mwezi wamawa. Gule adzatuluka. Iwo ndi mayi wa yunifolomu kumpingo, ndiye akufunsa: ndipite, kapena ndingotumiza ndalama pa foni n'kukhala chete?

Mayi, mwandikhudza pachilonda.

Agogo anga aamuna, obala mayi anga, anali a gule mpaka imfa. Agogo aakazi anali Mkhristu wosaphonya Sande. Anakalamba limodzi, wina kudambwe wina kutchalitchi, nsima kudyera mbale imodzi. Tsiku limene agogo aamuna anatsikira kulichete, amayi a mpingo anabweradi kudzakhuza maliro, anadzaza siwa, nyimbo zili pakamwa. Koma mbalule itangolira kuseri kwa nkhokwe, ndinawaona akutola nsapato pakhomo mmodzimmodzi, ena osavala n'komwe, kungozipanira kukhwapa ulendo. Mayi anga anatsala. Anakhala pansi kumutu kwa bokosi atafunda chitenje, mpaka Kasiyamaliro anafika. Sanavine, sanaimbe, sanaombe m'manja. Patapita masabata angapo akulu a mpingo anawaitana n'kuwaimitsa mgonero. Mpingowo sindiutchula, poti ambiri amene anagamula mlanduwo anagona kale. Chimene chimandiwawabe n'chakuti amene anakawanenera ndi munthu amene anadya nawo nyama ya pamaliro omwewo.

Mkanganowu si wa dzana. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, kenako ku Nkhoma, anapeza nyau itazika mizu, ndipo anati wobatizidwa asapondenso kudambwe. Akatolika amene anakhazika mishoni ku Mua mu 1902 nawonso analimbana ndi gule kwambiri, makamaka polimbirana ana a sukulu. Gule naye sanapinde manja: anatulutsa Simoni wa nkhope yofiira, mzungu wopsa ndi dzuwa, anatulutsa Maliya, n'kumawavinitsa pabwalo anthu akuseka. Chodabwitsa, ku Mua komweko ndi kumene wansembe bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso, mu 1976, ndipo lero mukalowa m'nyumba ya Chamare mupeza nkhope za gule mazanamazana, pabwalo la mishoni.

Tsono taonani. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, tonse tinanyadira. Mwezi wa Ogasiti Akhristu amadzaza mabasi kupita ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi, kukajambula Makanja pa foni n'kuponya pa Facebook. Pamsonkhano wa ndale zilombo zikautsa fumbi, akulu a mpingo omwewo ali pampando wakutsogolo, ena mpaka kufupa. Sindinamvepo kuti wina waimitsidwa mgonero chifukwa cha zimenezo. Koma mwana wamasiye akakhala pambali pa mtembo wa bambo ake, pamenepo ndiye tchimo? Ayi, ine zimenezo ndakana, ndipo ndidzakanabe.

Musandimve ngati woikira kumbuyo chilichonse cha gule. Kang'wing'wi anandithamangitsapo ndili mwana mpaka ndinataya makope m'chimanga, ndipo anzanga ena atagula njira sukulu inathera pomwepo. Zotseka msewu ndi kukwapula anthu odutsa n'zoipa basi. Komanso amene amati gule ndi chikhalidwe chabe akudzinamiza. Pabwalo paja pamabwera mizimu, eni ake amatero, ndipo mbusa akamati sungadye mgonero uku ukumeta kudambwe, ali ndi mfundo. Ine ndikungokana kuti kulira kholo lako n'kupembedza nawo.

Asilamu nawonso ali ndi yawo

Mnzanga wa ku Mangochi amene ndinkagwira naye ntchito anandiseka nditamufotokozera izi. Kwawo Asilamu a gulu la Kadiriya amachita sikiri pamaliro, kuimba mokweza potamanda Mulungu, amaphikanso sadaka pa tsiku la 40. A gulu la Sukuti amati maliro aziyenda mwachete, zinazo n'zowonjezera za anthu. Iye ndi wa Sukuti, amalume ake onse ndi a Kadiriya, ndipo pali abale a bere limodzi amene sapatsana moni chifukwa cha mpunga wa sadaka. Mnzangayo maliro sathawa. Amakumba nawo manda, amanyamula jeneza, sikiri ikayamba amangotseka pakamwa n'kumayenda nawo. Amalume amang'ung'udza, koma palibe anganene kuti mwana uyu anataya abale.

Ndiye mayi, pitani. Abusa anu akamve kwa inu musananyamuke, asadzamve kwa akazitape. Ndalama yanu muneneretu kuti ndi ya simenti ndi ufa, ya mowa asonkhe ena. Gule akatuluka, kuonera kapena kutsalira kumoto ndi azakhali n'kwa chikumbumtima chanu. Mwina adzakuimitsanibe mgonero, mupite mukudziwa zimenezo. Ana anu a m'tauni muwauziretu kuti chilombo sachiloza chala, sachitchula dzina la munthu, ndipo madzulo asamayendeyende kufupi ndi kumanda.