Yankho la amalume pa ntchito ya thiraki ya flatbed

Eee mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ndikuyankha pompano pa gulu kuti nawonso achemwali, amayi ako, amve, popeza ndi iwo ukufuna akuthandize ndalama za sukulu yoyendetsa. Wafunsa kuti moyo wa pa thiraki ya flatbed, ija ya thilera yopanda mpanda ndi denga, ngotani, ndiponso ngati uyambe kuthamangira laisensi ya CE, yoyendetsera magalimoto akuluakulu okoka thilera. Ndikuuza mmene zilili, osakometsera.

Pa ntchito yathuyi chiwongolero ndi gawo laling'ono. Mnzathu wa kontena akakhoma zokhomera zake zinayi, siilo ili pachitseko, basi wanyamuka. Ife katundu ali pamtetete. Chilichonse chili pa thilera chikudalira manja ako.

Tiyerekeze feteleza wochokera ku Beira, amene timamutenga kwambiri mvula ikamayandikira. Matani 30, ndiye kuti matumba 600 a makilo 50. Anyamata olongedza akamaliza amasansa m'manja n'kumapita, watsala iwe ndi lona. Lonayo kuikweza pamwamba pa matumba ndi nkhondo, ikakhala yonyowa ndiye usanene. Ndipo ili ndi kayalidwe kake. Umayamba yakumbuyo, kenako yakutsogolo igone pamwamba pa inzake. Ukasemphanitsa, mphepo imapeza polowera, lona imafufuma, mvula nayo n'kudutsa momwemo. Feteleza akanyowa amauma gwaa, ndipo wolandira amawerenga thumba ndi thumba. Lowonongeka, mabwana ambiri amadula pa malipiro a dalaivala.

Ukatero, malamba. Uponye, uzungulire mbali inayo, ukole, ubwerere, ukoke ndi ratchet, chitsulo chokungira lamba, mpaka ukalimenya ndi dzanja lilire. Lotsatira chimodzimodzi, mpaka kumapeto kwa thilera. Zitsulo zochokera ku Johannesburg ndiye malamba okha sakwana, pamafunika matcheni ndi matabwa otchinjiriza pansi kuti zisagubuduke. Malata, ukapanda kuika zotetezera m'makona, amadula lamba ngati mpeni. Ndipo usaganize kuti ukamanga kamodzi watha. Ukayenda pang'ono uime, ukokenso, chifukwa katundu akagwedezeka amakhazikika, malamba n'kukhwefuka. Chitsulo chikatsetsereka pa kona sichigwa chokha, chimagwera basi ya anthu kapena wanjinga ali m'mbali mwa msewu. Ichi ndi chimene chimandisowetsa tulo kuposa zonse.

Palinso sikelo. Sikelo siona kulemera kwa galimoto yonse kokha, imayeza ekselo iliyonse payokha, kutanthauza kulemera kogwera pa mzere uliwonse wa matayala. Matani ako atha kukhala olondola, koma ngati olongedza anaunjika kutsogolo, wagwidwa. Ndiye umasula lona yonse ija, usunthe matumba pamanja, dzuwa lili pamutu, umangenso. N'chifukwa chake akamalongedza ine sindikhala m'kabini, ndimaima pomwepo n'kumaloza kuti apa mizere ingapo, apa basi. Amadandaula, koma wokaima pa sikelo ku Mwanza ndine.

Tsopano chimene chimatha anthu mtima ndi kudikira. Ukachoka ku Blantyre, Lunzu, Lirangwe, Zalewa n'kukhotera ku Mwanza, ndi pafupi, makilomita cha m'ma 100 basi. Koma wopita ku Johannesburg ali ndi maboda atatu: Mwanza ndi Zobue, Cuchamano ndi Nyamapanda, kenako Beitbridge. Paliponse mapepala mbali ino, mapepala mbali inayo. Ejenti wokonza mapepala a katundu akalakwitsa nambala imodzi, kapena akangoti netiweki yagwa, wagona pamzere. Sungachoke kukasamba bwinobwino, chifukwa mzere ukasuntha iwe kulibe, akudumpha. Basi imene munakumana nayo pa boda yafika kale, anthu agula katundu wawo, ikubwerera, iwe udakali pomwe paja. Foni ikulira, bwana akufunsa uli pati, mwini katundu akufunsa uli pati, ngati kuti chidindocho uli nacho ndiwe.

Ndipo alawansi ya m'njira saiwonjezera chifukwa wagona pa boda. Muja kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife tinamva msanga, chifukwa ndalama yomweyo ukaisintha kukhala ma metical kapena ma rand imabwera yochepa. Ndiye timanyamula zathu: ufa, usipa, soya, anyezi, kambaula ka gasi. Umaphika m'mbali mwa tayala, anzako a mzere womwewo mukusonkherana, wina tomato, wina mafuta. Apo pokha ndi pamene pamakoma, chifukwa madalaivala sitimanana, kaya ndi wa ku Zambia kaya wa ku Zimbabwe.

Ku Tete mwezi wa Okutobala, aaa, kutentha kwake chitsulo cha thilera sungachigwire ndi dzanja. Usiku m'kabini thukuta lokhalokha, koma kutsegula mawindo udzudzu ndi uwo, akuba ndi awo. Flatbed ilibe chitseko choti ukhome. Pa chitunda pomwe galimoto ikukwera pang'onopang'ono, wina amadumphira kumbuyo, kung'amba lona, kugwetsa matumba, iwe osamva kanthu. Ukaima malo olakwika akupopera dizilo kapena kumasula mabatire. Tulo tathu nta khutu limodzi. Achemwali mukukumbukira 2016, pamene thiraki zinkayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali kuchokera ku Vanduzi kukafika pa mtsinje wa Luenha ku Mozambique, mmene munkaimbira foni tsiku ndi tsiku. Zimenezo zinatha, koma msewu wa m'dziko la eni sutha kuudziwiratu.

Thupi nalo limalipira. Msana, mapewa, mawondo chifukwa chokwera ndi kutsika pa thilera. Anzanga angapo ali pa mankhwala a BP ndi shuga chifukwa chokhala pansi nthawi yaitali n'kumangomwa zotsekemera kuti asagone. Za kunyumba nazo, maliro amakupeza uli kutali, mwana akadwala umangomva pa foni, mayi ake ndi amene akuthamanga yekha. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndinali kunja, ndikumva kuti ku Chilobwe phiri lagumuka, mafoni osagwira. Usiku umenewo sindiufunira munthu. Za mayesero a m'maboda usiku, izo tidzakamba awiri, pano pali makolo, koma tidzakamba ndithu.

Sindikukuletsa ayi. Ntchito imeneyi yandimangitsa nyumba ku Machinjiri, asuweni ako aphunzira nayo. Ndipo ukafika pa geti, n'kumasula lona, matumba onse ali ouma, owerengera n'kupeza 600 ndendende, mtima umakhala m'malo. Ndimainyadira.

Koma ndalama za achemwali zisapite kusukulu yoyendetsa kaye. Laisensi ya CE yokha siikulembetsa ntchito. Pamafunikanso PrDP, chomwe ndi chilolezo choyendetsera galimoto ngati ntchito, komanso pasipoti, ndipo makampani amafuna munthu amene wayendapo kale ndi galimoto yaikulu. Ambiri timayamba ndi lole yaing'ono, Blantyre Lilongwe, kapena kukhala wothandizira wa dalaivala wamkulu, kuphunzira kusintha tayala, kuona mphepo ya mabuleki, kubwerera m'mbuyo ndi thilera. Ndaona anyamata ali ndi laisensi yatsopano m'thumba koma lamba osadziwa kuti amakola pati, ndipo sakhalitsa.

Ndiye tichite chonchi. Loweruka ndikulongedza malata ku Makata, ndapempha kale a pa geti kuti ndibwera ndi mwana wa mlongo wanga. Ufike 6 koloko m'mawa, uvale nsapato zotseka ndi zovala zoti zide, magolovesi ndikupatsa. Udzayale lona wekha, udzakoke malamba wekha, ine ndikungokuonetsa. Lamulungu ukadzuka thupi likuwawa koma mtima ukufunabe, uwauze amayi ako, ndipo theka la ndalama za sukuluyo ndipereka ine.