Yankho kwa msuweni pa nkhani ya Sabata

Eee, moni nonse pagulu pano. Ndikuyankha msuweni wangayu, amene wafunsa usiku uja kuti kodi Sabata la m'Baibulo ndi Loweruka kapena Lamulungu. Iwe! Kuyambira liti? Munthu woti ku Sande sukulu unkangotsatira masiwiti a pa Khirisimasi, lero ukufunsa za Sabata pakati pa usiku? Hahaha. Chabwino, tamvera.

Sabata la pa Eksodo 20 ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, Loweruka, kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa. Pamenepo a Seventh Day sanama ayi. Ife a CCAP timapemphera Lamulungu chifukwa Yesu anauka tsiku loyamba la sabata, ndipo pa Machitidwe 20:7 ukapeza okhulupirira atasonkhana tsiku lomwelo kunyema mkate. Ena amati anasintha tsikuli ndi mfumu ya ku Roma Constantine m'chaka cha 321, koma iye anangolamula kuti tsikulo anthu azipuma, Akhristu anali atayamba kale kukumana. Ndiye pali Aroma 14, vesi 4... ayi, 5, pomwe Paulo akuti wina amalemekeza tsiku lina, wina amaona masiku onse ofanana, aliyense atsimikize mumtima mwake. Za mavesi ndi zomwezo.

Koma dikira. Ukuwakumbuka amalume, iwe unkati bambo aakulu, a ku Makwasa aja? Anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, n'kukakwatira mayi wokulira pafupi ndi Malamulo. Mishoni ya Seventh Day ya 1902 imene ija, anthu ake samasewera. Tsono amalume ndi mlamba wowamba, mukudziwa nonse. Akazi awo amvekere, Levitiko 11, nsomba yopanda mamba mumphika mwanga ayi. Amalume n'kugula kampoto kawo, kukapachika pankhokwe, kumaphika okha kuseri ngati mbeta... aaa, ngati mphongo yosakwatira ndikutanthauza. Loweruka kunyumba kuja moto sunkayaka, ankadya zophika Lachisanu, nkhope ili gwaa.

Ndiye ya nkhumba ija! Anagula tiana tiwiri ta nkhumba, n'kukasungitsa kwa aneba, n'kumauza aliyense, ngakhale akazi awo, kuti si zawo, amangothandiza madeya. Zitanenepa, aneba aja n'kugulitsa zonse ziwiri, ndalama n'kudya. Amalume kuthamangira kwa amfumu. Amfumu akuti, kodi si inu munkalumbira kuti si zanu? Mlandu unathera pomwepo. Agogo anaseka mpaka kutsamwa, amayi amaikambabe nkhaniyi pamaliro paliponse, mpaka anthu kuiwala kuti tabwerera kulira.

Koma, mmm... zimenezo sizinapasule banja. Anakalamba limodzi anthu aja. Chimene chinawapweteka ndi ana. Amalume ankafuna ana abatizidwe ali makanda monga timachitira kwathu, mayi aja akuti ayi, munthu amamizidwa m'madzi atakula, atasankha yekha. Asanakwatirane sanakambiranepo n'kamodzi komwe, aliyense ankaganiza kuti mnzakeyo agonja. Ana n'kumakokedwa, Loweruka uku, Lamulungu uku. Za achimwene aakulu aja sindinena, mukudziwa komwe amakhala masiku awiri onsewo.

Tsono msuweni, tisanamizane. Namwino uja wa pa status yako, amene Loweruka lililonse foni yake imakhala yozimitsa... eya, taona, tili ndi maso. Iwe sukufuna vesi, ukufuna kudziwa ngati zingatheke. Zingatheke. Koma ankhoswe asanakumane, mukhale pansi awirinu, mukambirane za ana: adzapemphera kuti, adzabatizidwa liti. Komanso ukwati mudzadalitsira mpingo uti, chifukwa abusa a mbali zonse ziwiri adzafunsa, ndipo ena amakana kumene kudalitsa ngati wina sanalowe mpingo wawo.

Usapite kukamugonjetsa ndi Aroma 14 wakoyo, wamva? Mtsikana wa Seventh Day mavesi amawadziwa kukuposa, akakuchititsa manyazi. Kamufunse za ana basi, umve akuti chiyani, nawenso unene zoona zako, osati "tidzaona".

Azakhali, ndakuonani mwatsegula kale, chonde musayambe kumuimbira mwanayu, mulekeni apume kaye. Iwe msuweni, ndati za ana, mukambirane chinkhoswe chisanachitike. Bandulo yanga ikutha, undiimbire mawa ndikaweruka.