Khirisimasi yoyamba ku Glasgow, ana ali ku Dedza

Mayi wina amene amasamalira okalamba ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, wandilembera imelo. Ana ake awiri anatsala ndi agogo awo ku Dedza, poti kuyambira mu Marichi 2024 obwera pa viza ya ntchito imeneyi saloledwanso kutenga banja. Funso lake ndi lakuti: "Nditani kuti pa Khirisimasi ndisangobindikira m'chipinda n'kumalira?"

Achemwali, mulira ndithu, ndipo palibe cholakwika. Koma dziwiranitu mmene tsikulo limakhalira kuno. Pa 25 Disembala masitima sayenda, mabasi ndi osowa, ndipo lamulo la mu 2007 limaletsa masitolo akuluakulu ku Scotland kutsegula. Dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45, pofika 3:45 masana lalowa kale. Kwathu tsiku limeneli anthu amakhala panja: ana atchena zovala zatsopano, wailesi ikuphokosera pa golosale, mpunga ndi nkhuku zili pamoto, chimanga chili biriwiri m'munda. Ukangoti "odi" pakhomo pa munthu, mbale imawonjezeredwa. Kuno aliyense amadzitsekera ndi abale ake. Sikuti akudana nanu, kungoti mlendo wosaitanidwa samuyembekezera.

Ndiye musadikire kuitanidwa. Itanani ndinu, ndipo yambani lero. Kuntchito kwanuko sikungalephere kupezeka mnzanu wa ku Zimbabwe, Nigeria kapena Philippines amene nayenso akusowa kolowera. Awiri kapena atatu akwana. Gwirizanani zoti agone kunyumba kwanu kuyambira pa 24, chifukwa takisi tsiku limenelo imadula koopsa. Ufa mukaupeza m'masitolo a zakudya za ku Africa, ndiwo zamasamba zimene pa Chingerezi amati "kale" zilowe m'malo mwa repu, chiponde cha m'botolo chigwire ntchito ya nsinjiro. Ndiwozo sizikoma ngati za amayi anu, tisanamizane, koma nsima yodyera pagulu imatsika bwino kusiyana ndi ya wekha.

Pa nkhani ya foni ndikhala wouma mtima pang'ono. Ambirife timathera tsiku lonse pa WhatsApp kuonerera anzathu akudya, foni ikazima chipinda chimachita kuzizira kuposa kale. Kumudzi ali patsogolo ndi maola awiri, choncho aimbireni ana akangoweruka kutchalitchi, muone zovala zimene munawagulira, museke nawo, kenako foniyo ikhale pambali mukasonkhe moto wanu.

Ngati akuikani pa shifiti, musadandaule kwambiri. Ena mwa agogo amene mumawasambitsawo alibenso wodzawaona, ndipo mukawauza kuti ndinu wa ku Malawi ambiri amadziwako. Blantyre wathu anatengera dzina pa tawuni ya Blantyre imene ili pafupi ndi Glasgow pomwepo, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813.

Komanso musaweruze anthu a kuno poona Khirisimasi yokha. Tsikuli linakhala holide ya boma ku Scotland mu 1958 chabe. Chikondwerero chawo chenicheni ndi Hogmanay, usiku wa pa 31 Disembala. Ikangokwana 12 koloko pali mwambo woyenderana m'makomo atanyamula kamphatso, kaya mabisiketi a shortbread, kachasu wawo uja wa whisky kapena khala la malasha. Usiku umenewo kugogoda kwa aneba n'kololedwa. Kazingani mandasi, mukagogode.