Zoti Amereka anaphulitsa okha mtembo wa pailoti wawo wakuda ku Korea

Achimwene mwafunsa kuti kodi nzoona asilikali a Amereka anaponya mabomba pa mtembo wa pailoti wawo wakuda ku Korea mmalo mokamutenga, komanso ngati chinali tsankho. Zoponya mabombazo nzoona, koma za tsankho pamenepo ine ndikana. Tsankho analiona ndithu munthuyu, kungoti analiona ali moyo, osati tsiku limenelo.

Dzina lake anali Jesse Brown, anabadwa pa 13 October 1926 ku Hattiesburg, Mississippi, kummwera kuja komwe wakuda samaloledwa kukhala mpando umodzi ndi mzungu. Bambo ake ankalima munda wa eni nkumagawana zokolola, utenanti uja timaudziwa wa mmaesiteti a fodya, mayi ake anali aphunzitsi. Ali mwana bambo ake anamutengera kukaona chionetsero cha ndege basi mutu unazungulira pomwepo, mpaka analembera kalata pulezidenti Roosevelt kufunsa chifukwa chomwe akuda samayendetsera ndege za nkhondo. Mwana wa kumunda kulembera pulezidenti, mundimvetse. Atamaliza sekondale mu 1944 anapita ku Ohio State University, ndipo fizi ankaipeza ndi maganyu, madzulo mpaka pakati pa usiku akupakira katundu mmabogi a sitima, mmawa ali mkalasi. Mu 1946 analowa pulogalamu ya Navy, asilikali a pamadzi, yophunzitsa mapailoti, mkalasi yense wakuda yekha, ena mwa anzake ndi aphunzitsi omwe kumunyoza poyera. Anakwatira chibwenzi chake Daisy mwakabisira chifukwa ophunzira samaloledwa kukwatira, akanagwidwa akanathamangitsidwa. Pa 21 October 1948 anamaliza, kukhala wakuda woyamba kumaliza maphunziro a upailoti mu Navy ya Amereka.

Nkhondo ya Korea itayamba mu 1950 iye anali mu gulu la VF-32 pa sitima yonyamula ndege ya USS Leyte, akuyendetsa F4U Corsair, ndege ya injini imodzi ya pulopela. Kumapeto kwa November asilikali a China analowerera nkuzungulira ma Marines, gulu lina la asilikali a Amereka, ku Chosin, kumapiri a North Korea, kozizira koti mfuti zimakana kulira. Ntchito ya a Brown inali kuwulukira mmunsimunsi nkumawombera kuti anzawo apansi apeze potulukira. Pa 4 December 1950 ananyamuka ndege 6, chipolopolo cha mfuti wamba chochokera pansi chinaboola paipi, oyilo nkuyamba kutayika, injini nkuzima. Anali pansi kwambiri koti parachuti sakanathandiza, ndiye anaikhazika chamimba pa snow mphepete mwa phiri. Ndege inapindika pakati, mwendo nkupanikizika mkati.

Anzake akuzungulira mmwamba ankati wapita basi, kenako anaona galasi likutseguka munthu akubayibitsa, koma osatuluka, uku utsi ukufuka kutsogolo. Apa ndi pomwe Thomas Hudner, mzungu wa kubanja lopeza bwino ku Fall River, Massachusetts, yemwe ankawuluka pambali pake, anachita zomwe akuluakulu anali ataletsa kale: anagwetsa dala ndege yake yabwinobwino pafupi ndi mnzakeyo, msana kupweteka, nkuyenda mu snow kukamupeza. Anapeza Brown atavula magolovesi poyesa kudzimasula, zala zitauma gwa. Anamuveka chipewa chaubweya, kumukulunga manja ndi sikafu, nkumatapa snow ndi manja kuthira pomwe pamafuka utsi. Kumukoka, ayi ndithu. Helikoputa inabwera ndi Charles Ward wa ma Marines atatenga nkhwangwa ndi chozimira moto, anatema chitsulo chija pafupifupi mphindi 45 nkhwangwa ikungodumpha. Dzuwa likulowa, helikoputa ija simatha kuwuluka usiku, Brown anali akukomokakomoka. Mawu omaliza omwe Hudner anamva anali oti akamuuze Daisy kuti amamukonda. Anamusiya atasiya kuyankha. Anali ndi zaka 24, kunyumba kuli mwana wamkazi wosakwana zaka ziwiri.

Tsopano pafunso lanu lija. Hudner anachonderera kuti abwerereko akatenge thupi, akuluakulu anakana, malowo anali mmanja mwa adani ndipo ankaopa kuti otumidwawo akakagwera mumsampha maliro nkuchuluka. Ndiye patapita masiku ochepa anatumiza ndege za anzake omwe kukathira napalm, bomba la moto lija, pa ndege ziwiri zonse, kuti adani asatenge ndegezo komanso asaseweretse mtembo. Powotchapo ankanena pemphero la Atate wathu wakumwamba pa wailesi. Kwa iwo amenewo ndiye anali maliro. Ndikudziwa kwa ife nzovuta kumeza, ife timasonkherana ndalama kuti thupi lichoke ku Joni lifike kumudzi, manda opanda mwini wake timaona ngati sitinalire. Koma onani kuti omwe anaponyawo ndi omwewonso anasonkha ndalama pa sitima paja zoti mwana wake adzaphunzirire. Munthu womuda sumamusonkhera.

Chomwe chimandinyansa ine nchina. Nkhaniyi ikamakambidwa ambiri amathera pa Hudner, yemwe pulezidenti Truman anamupatsa Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali ku Amereka, pa 13 April 1951, Daisy ali pompo. Anayenera, sindikutsutsa, si aliyense angagwetse ndege yake chifukwa cha mnzake. Koma za Hudner zinali za tsiku limodzi, pomwe Brown anamenya yake zaka ndi zaka asanaone nkomwe Korea, ndipo akanabwerera wamoyo ku Mississippi mu 1950 akanakakhalabe kumbuyo kwa basi yunifomu ili mthupi. Lamulo la Truman lothetsa tsankho mu usilikali linali litangosainidwa mu July 1948, kunja kwa kampu zinthu zinali zomwe zija. Brown anapatsidwa mendulo ya mapailoti yotchedwa Distinguished Flying Cross atamwalira, kenako mu 1972 anatsitsira mmadzi sitima yankhondo yotchedwa USS Jesse L. Brown, yomwe pambuyo pake inapita ku Egypt.

Hudner naye sanaiwale. Mu July 2013, ali nkhalamba ya zaka 88, anapita ku North Korea kukafuna mafupa a mnzake, koma mvula inali itawononga misewu yopita ku Chosin, anabwerako chimanjamanja. Anamwalira mu 2017. Mafupa a Brown sanabwerere kwawo mpaka pano.