Kanema wa chinkhoswe akukana kupita pa imelo

Achemwali, mwati kanema wa chinkhoswe cha mng'ono wanu, wa 1.3 GB, akukana kupita pa Gmail kwa amalume ku Johannesburg, ndipo mukukayikira netiweki. Ulendo uno netiweki musayinamizire. Ngakhale mutakakhala patsinde pa nsanja yake, kanemayo sangapite.

Gmail imalola kumata zinthu zosapitirira 25 MB pa imelo imodzi, Yahoo chimodzimodzi. Wanuyo ndi pafupifupi 1,300 MB, ndiye kuli ngati kukakamiza thumba la chimanga kulowa mu envelopu. Chinanso, imelo anaipangira kunyamula malemba, choncho fayilo iliyonse imayamba yasandutsidwa zilembo isananyamuke, ndipo potero imafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake kafayilo kooneka kakang'ono kamatha kubwezedwa ndi maimelo a m'maofesi ena omwe malire awo ndi otsika.

Wina angakuuzeni kuti muike mu zip, fayilo yopanikiza zinthu kuti zichepe. Musavutike. Kanema wa MP4 amakhala atapanikizidwa kale, zip ingochotsapo pang'ono zedi.

Ikani kanemayo pa Google Drive, malo a Google osungirako mafayilo pa intaneti, amalume muwatumizire linki yokha. Aliyense wa Gmail ali ndi malo aulere okwana 15 GB, kungoti malowo mumagawana ndi maimelo anu komanso Google Photos, ndiye yambani mwaona ngati atsala. Tsegulani Drive, dinani chizindikiro cha +, sankhani Upload, kenako kanemayo. Akangoima n'kumati akudikira Wi-Fi, pitani ku Settings mukazimitse "Transfer files only over Wi-Fi".

Pamene ambiri timagwa ndi apa. Linki imabadwa ili pa "Restricted", kutanthauza kuti angatsegule ndi okhawo mwawalola. Ine ndinatumizapo kanema wa kwaya yathu chonchi, ndinangodzuka m'mawa foni itadzaza mauthenga opempha chilolezo, ena atayamba kale kudandaula kuti ndikuwamana. Lembanimo imelo ya amalume pa Share, kapena sinthani kukhala "Anyone with the link". Koma dziwani kuti mukasankha yachiwiriyi, linki ikadumphira m'gulu lina aliyense aonera chinkhoswe chonse, ndi ndalama zomwe anthu anafupa zomwe. Pa za banja ine ndimakonda kulemba imelo ya munthuyo.

Za bandulo musadzinamize: 1.3 GB idyedwa kwa inu pokweza, idyedwanso kwa amalume potsitsa. Gulani ya usiku, foni ikhale pa chaja. Ngati muli ndi kompyuta, pulogalamu yaulere ya HandBrake imachepetsa kanema. Sankhani 720p, pa foni amaonekabe bwino ndithu.

Kunena zoona, ngati amalumewo Drive sanaizolowere, WhatsApp ingakuphwekereni. Kuyambira 2022 imalola fayilo mpaka 2 GB mukaitumiza ngati Document. Musadzere ku Gallery, kumeneko amamufinya kanema mpaka nkhope za anthu kumangooneka mbuu.

Mukadzera njira ya Drive, musafufute kanemayo pa Drive pofuna malo amalume asanakuuzeni kuti atsitsa. Linki siinyamula kanema, imangoloza pomwe ali, ndiye mukamuchotsa iwo akatsegula chitseko cha nyumba yopanda kanthu.