Kodi mpweya umene zomera zimatenga ndi "woipa"?

Mphunzitsi wina wa ku Luwinga, muno mu Mzuzu, wafunsa kuti: "Ndimauza ana kuti zomera zimapuma mpweya woipa n'kutulutsa mpweya wabwino. Kodi Chichewa chimenechi n'cholondola?"

Aphunzitsi, chiganizo chimenechi nane ndinachiloweza ndili ku pulayimale, koma mpaka lero sichinditsika kukhosi. Woipa kwa yani? Kwa tsamba, mpweya umenewu, wotchedwa kaboni dayokisaidi, ndiye ufa wophikira nsima. Mpweyawu umalowera pa timabowo ting'onoting'ono ta pa tsamba, madzi amakwera kuchokera ku mizu, ndipo kolorofilu, chija chimabiriwiritsa masamba, imakola kuwala kwa dzuwa. Mphamvu ya kuwalako ndi imene imaswa madzi, ndipo okosijeni amene timamutama kuti "wabwino" uja amachokera m'madzimo, osati mu mpweya walowa uja. Asayansi Samuel Ruben ndi Martin Kamen anasonyeza zimenezi mu 1941. Kaboni wa mu mpweya walowawo ndiye amasanduka shuga, shugayo n'kusanduka thunthu. Matabwa a paini amene malole amatsika nawo ku Chikangawa, kulemera kwake kwakukulu kunachokera mumlengalenga. Ndiye tiziutukwana mpweya woterewu?

Chondinyansa kwambiri ndi mneni "kupuma". Zomera zimapumadi, usana ndi usiku, ndipo popumapo zimagwiritsa ntchito okosijeni monga ife. Mukauza mwana kuti masamba "akupuma" pamene akukonza chakudya, mwasakaniza ntchito ziwiri, ndipo akafika sekondale adzavutika kuzilekanitsa. Nenani kuti masamba amatenga kaboni dayokisaidi n'kupanga chakudya.

Apa "kupanga" wakhala pamalo pake. Masiku ano mneniyu akuzunzika: kupanga disaidi, kupanga apulayi, ngakhale kupanga tchati! Agogo anga ankamusungira chinthu chogwirika, monga mpando kapena mphasa, zina zonse zinali "kuchita". Shuga ndi chinthu chogwirika, choncho tsamba limapangadi.

Nanga "fotosinthesisi", dzina la ntchito yonseyi? Ndi mawu a Chigiriki, otanthauza kuwala ndi kuphatikiza, ndipo Azungu eni ake anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1893. Ngati iwo anabwereka, ife tingachite manyazi ndi chiyani? Alembeni pa bolodi, popeza pa mayeso adzakumana nawo, koma pofotokoza muziti "kupanga chakudya m'masamba". "Mpweya woipa" usiyireni amene wasuzumira m'chimbudzi cha pa depoti.