Mulungu wanu wa moto asamayendere mayunitsi ngati mita ya magetsi

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena aku Monkey Bay, akuti akulemba nthano yaitali ya dziko lopeka kumene milungu imabadwa chifukwa choti anthu akuikhulupirira. Nde mulungu wawo wa moto wawakanika, akungotuluka chimunthu cholusa chamaso ofiira basi, ndipo akufunsa ngati azifooka kapena kufa kumene omupembedza akamachepa. Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga katatu ndili pakhonde usiku, ndipo tulo sindinatione bwino chifukwa mwagunda pachilonda chakale.

Ndili ndi zaka 11 ndinkakhala ndi agogo anga aakazi pa doko lina kufupi ndi Makawa. Agogo ntchito yawo inali kuwamba nsomba, milamba ndi kampango, pa waya woyala pamwamba pa mgolo wodula pakati, moti zovala zathu zonse ngakhale yunifolomu yanga zinkanunkha utsi. Chaka chimenecho mu Okutobala, dzuwa lake lija la Mangochi loti mchenga suupondeka opanda patapata, moto unabuka usiku m'zisakasa za asodzi. Zisakasa zaudzu zogundana madenga, mphepo ikukuntha kuchokera kunyanja, anthu akuthamanga ndi zidebe madzi ali pompo koma osathandiza kanthu. Zinapsa zambiri. Kutacha ndinatola chibuluma chakuda cholimba ngati mwala, malume nkundiuza kuti ndi ukonde wa nayiloni umenewo wasungunuka, ukonde woti mwini wake anali asanamalize kubweza ngongole yake.

Koma pakati pa phulusa lonselo kanyumba kamodzi kanatsala chiimire. Kanali ka mayi wina wokalamba, wamasiye, wosayankhulayankhula. M'mawa umenewo anthu ankangoti moto walumpha nyumba ija. Pofika madzulo mawu anali atasintha, akuti moto unamudziwa mwini wake. Tsiku lachitatu akuti moto unachita kutumidwa, ndipo anzanga ena kusukulu analumbira kuti anauona ukuyenda pamchenga ngati munthu wamtali wopanda khosi, ukusuzumira pakhomo lililonse. Ine ndemwe ndinayamba kumuona munthu ameneyo kutulo, chikhalirecho usiku wa motowo ndinali maso ndipo sindinaone munthu aliyense wamtali. Sabata isanathe mayi uja anamuthamangitsa. Ndimakumbukirabe akukwera kumka kumsewu wa tala, mphasa yopinda kukhwapa, mapoto awiri ali mu chitenje pamutu, osacheuka. Agogo anadzandiuza patapita zaka kuti moto unayambira pa chigubu cha palafini wa nyali za usodzi, komanso kuti mayi uja ankasesa ndi kupalira kuzungulira nyumba yake tsiku ndi tsiku nchifukwa chake moto unasowa podutsa. Iwo ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba koma anaopa kutsegula pakamwa. Lamulo la mchaka cha 1911 loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti linalipo nthawi imeneyo ngati momwe lilili lero, koma pa doko paja palibe analitchula.

Nde mukandifunsa kuti mulungu wobadwa ndi chikhulupiriro amaoneka bwanji, ine ndinamuona akubadwa m'masiku atatu okha. Palibe anagwada kumupempherera. Anabadwa ndi mantha, ngongole za maukonde, ndi mkwiyo wosowa pogwera, ndipo atangobadwa anafuna munthu.

Apa ndiye ndinene mosapsatira, ganizo lija loti mulungu amakhala ndi mphamvu molingana ndi chiwerengero cha omupembedza ine limandinyansa. Ndi ganizo laulesi. Mulungu wanu asanduka mita ya magetsi, anthu akathira mapemphero ayaka, mayunitsi akatha athima, basi nkhani yathera pompo. Munthu sakhulupirira choncho. Agogo anga anali Msilamu wosaphonya swala, koma sankalola mwana kulavulira pamoto kapena kuloza mnzake ndi chikuni choyaka, ndipo mukanawafunsa ngati amapembedza moto akanakukalipirani zedi. Chikhulupiriro chenicheni chimakhala m'manja, m'zimene anthu amachita ndi zimene amakana kuchita osaganizanso kawiri. Mulungu wanu azidya zimenezo.

Komanso moto si umodzi ayi. Moto wa pa mafuwa umene mayi amaufotsera ndi phulusa kuti mawa asakapale kwa aneba ndi wina, moto wa lupsa umene anyamata amayatsa posaka mbewa nkutentha phiri lonse ndi winanso, ndipo nyali zija mumaziona usiku panyanja zitandandalika ngati tauni asodzi akukokera usipa ndi moto wa mtundu wachitatu. Anthu atatu amenewa akakhala kuti akupanga mulungu ndi maganizo awo, sangatulutse munthu mmodzi. Wa amayi akhala nkhalamba yofatsa yosakonda kusiyidwa yokha. Wa anyamata akhala wadyera, wothamanga, wosadziwa malire a munda wa munthu, paja amati moto umapita kwatsala tchire. Wa siginala, mkulu uja amakhala pa bwato ndi nyali kuitana nsomba, akhala wonyengerera, wachinyengo pang'ono, chifukwa ntchito yake nkukopa zamoyo kuti zibwere zokha ku imfa. Tsono ganizirani atatuwa ali ndi dzina limodzi ndi thupi limodzi, akudzuka m'mawa osadziwa kuti lero ndi ndani. Nthano yanu ili pamenepo achemwali.

Zimandipweteka kuti ambiri tikafuna kulemba zoterezi timathamangira kukopera za m'mafilimu pomwe kwathu kuno moto ndi mwini dzina la dziko. Malawi ndi malawi a moto. Nthano ya Kaphirintiwa ku Dzalanyama imati poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linayaka, nyama zinathawa ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi nkuthawira kwa munthu, nanzikambe nkukwera mumtengo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Taonani bwino, mu nthano yathu moto sunatsike kumwamba ngati mphatso, unapangidwa ndi manja a munthu ndipo ndi umene unasamutsa Mulungu. Ndani wina ali ndi poyambira pokoma chonchi? Ndiyeno ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la a Kalonga, ulendo wake wosafika ndi tsiku lomwe kuchokera kwanu mukadzera ku Golomoti, ofufuza mbiri amati kunkasungidwa moto wachifumu wosathima umene ankauzimitsa mfumu ikamwalira. Ngakhale nkhani za mdulo zija, zoti munthu uyu ndi wotentha uyu ndi wozizira, asathire mchere m'ndiwo, ndi maganizo a moto omwewo atalowa m'thupi la munthu.

Ine ndinayesapo kulemba nthano yotere ndili ku sekondale, m'makope awiri a masamu. Ndinaionetsa kwa mkulu wina amene ndinkamulemekeza kwambiri, anawerenga masamba atatu nkundibwezera akuti izi nzausatana, mwana wabwino salemba za milungu. Ndinakaotcha makope onse awiri pa mbaula ndekha, ndipo ndinakhala zaka zambiri osalembanso kanthu. Mpaka lero ndimamva kuwawa ndikakumbuka chikuto chikupindika ndi kutentha. Ngati wina wakuuzani zomwezo, chonde musamumvere. Kulemba za mmene anthu amapangira milungu yawo sikupembedza mafano, ndi kuyang'anitsitsa anthu, ndipo amene anathamangitsa mayi uja pa doko onse anali opemphera, ena ku mzikiti ena ku tchalitchi.

Kunja nakonso mukayang'ana bwino mupeza zomwezi, mulungu wa moto amafanana ndi ntchito ya moto pamalopo. Ku India, Agni ndi wonyamula nsembe kupita nazo kwa milungu ina chifukwa moto wawo waukulu unali wa paguwa. Agiriki anali ndi Hephaestus, wosula zitsulo wolumala mwendo. Ku Hawaii kuli Pele wa m'phiri lophulika la Kilauea. Aroma anali ndi awiri, Vesta wa moto wa m'nyumba amene anamwali osankhidwa ankamusungira moto osathima nkumauyatsa mwatsopano pa 1 Malichi chaka chilichonse, ndi Vulcan wa moto woononga. Pa 23 Ogasiti, nthawi yotentha pamene nkhokwe zikanatha kupsa, Aroma ankaponya tinsomba tamoyo pamoto kuti Vulcan adye timeneto asiye anthu. Nditawerenga zimenezi koyamba ndinakhala kaye chete, ndinaganiza za usipa ndi mayi uja. Aaziteki a ku Mexico ndiye ankathimitsa moto wonse m'dziko zaka 52 zilizonse, nkudikira mumdima kuti ansembe apeke watsopano paphiri, pachifuwa cha munthu woperekedwa nsembe, ndipo ana ankawaletsa kugona usiku umenewo poopa kuti asanduka mbewa. Komaliza anachita mu 1507. Kamfundo ka ana kameneka ndi kamene kamapangitsa kuti ukhulupirire kuti anthuwo ankaopadi.

Nde mupange bwanji?

Musayambe ndi mulunguyo. Yambani ndi mudzi umodzi, lembani kuti moto amaugwiritsa ntchito yanji, amaupala kuti, ndani saloledwa kuukhudza, unawalanda chiyani chaka chatha ndipo anamunamizira ndani. Nkhope yake ituluka yokha kuchokera pamenepo. Mupatseni chinthu chimodzi chimene iye sachifuna koma anthu amukakamiza kukhala nacho, mwachitsanzo akukhulupirira kuti amadya ana nde njala ya ana yayambadi kumugwira iye akulira. Ndipo pakhale munthu mmodzi ngati agogo anga, wodziwa za chigubu cha palafini koma ali chete.

Za kufa zija, ine ndikuti asafe chifukwa cha kuchepa kwa anthu. Tayang'anani panyanja pano, asodzi ambiri anasiya nyali za palafini zopopa zija, pano ndi mababu a LED ndi mabatire, kuwala kwake koyera kozizira kopanda utsi. Siginala akadalipo, usipa ukubwerabe, koma chimene akuitanira nsomba sichiotchanso dzanja. Mulungu wanu zimuchitikire zoterozo, adzuke tsiku lina apeze kuti akuwalabe koma sakutenthanso, ana sakumuopa, nkhalamba zokha ndi zimene zikumupatsabe ulemu, ndiye ayambe kuyendayenda usiku m'zisakasa kufunafuna chigubu chimene wina waiwala kutseka. Mukalemba mutu umenewo nditumizireni pa imelo yomweyi, ndiuwerenga wonse.